Musanawonjezere netiweki pa waleti yanu

 Lero tikamba nkhani imene ena simunaimvepo, pomwe ena, makamaka anyamata amene muli ndi abale ku Joni, mwayamba kale kuigwira ndi manja. Ndi nkhani ya ndalama za pa intaneti, zija amati kripito. Nkhaniyi ndi yaikulu, ndiye ine ndatapapo kachigawo kamodzi kokha: zimene zimachitika munthu akauzidwa kuti awonjezere netiweki ina pa waleti yake kuti ndalama zimene watumiziridwa zioneke. N'kachigawo kakang'ono, koma anthu amapsera pomwepo.

Tiyambe ndi chimene chikukokera anthu kumeneko. Dera lathu lino la kwa Kalembo, kuyambira pa Ulongwe mpaka kumidzi ya kufupi ndi Shire, limadya thukuta la ana ake amene ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Malata a pa nyumba zambiri, fizi ya ana a ku sekondale, feteleza, zonsezi ndi marandi. M'chaka cha 2024, ng'amba ya El Niño itawotcha chimanga m'minda, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, mabanja ambiri kuno anapulumukira foni yochokera ku Joni. Ndalamazo zimadzera ku Mukuru, Hello Paisa kapena Mama Money, zina m'manja mwa matransipota obwera ndi katundu. Njira zonsezi zimadulapo kenakake. World Bank yakhala ikunena kwa zaka zambiri kuti kutumiza ndalama kumaiko a kummwera kwa Sahara n'kokwera mtengo kuposa kwina kulikonse, pafupifupi 8 pa 100 iliyonse, ndipo njira zochokera ku South Africa zili m'gulu la zodula kwambiri. Pamwamba pa zimenezo kwacha yathu inagwa kawiri motsatizana, ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

Ndiye achinyamata ena apeza njira yawo. Wa ku Joni amagula USDT ndi marandi pa msika wa pa intaneti monga VALR kapena Binance. USDT ndi ndalama ya kripito ya kampani ya Tether, imene inayamba mu 2014, ndipo amayesetsa kuti mtengo wake uzikhala wofanana ndi dola imodzi ya ku America. Akagula amatumiza ku waleti ya pa foni ya mng'ono wake kuno, Trust Wallet kapena MetaMask, mng'onoyo n'kugulitsa kwa munthu amene amulipire pa Airtel Money kapena Mpamba. Zikayenda bwino, ndi nkhani ya mphindi zochepa.

Ndisanapite patali, ndinene maganizo anga poyera. Sindikutuma munthu aliyense kumeneku. Mu Meyi 2019 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, kudzera mwa gavanala wake wa nthawi imeneyo Dalitso Kabambe, inachenjeza kuti kripito si ndalama yovomerezeka ku Malawi, ndipo wolowa malondawa zikamuthera alibe kokadandaula. Malamulo a kasinthidwe ka ndalama zakunja nawonso akugwirabe ntchito. Ku South Africa n'kosiyana pang'ono. Mu Okotobala 2022 bungwe la FSCA linaika kripito m'gulu la malonda a zachuma amene limayang'anira, ndipo makampani amatenga ziphaso. Mwana wanu akhoza kugula pa kampani ya chiphaso kumeneko, koma ndalamayo ikangofika pa foni ya kuno, chitetezo chimenecho chatsala tsidya la Limpopo. Kwa agogo amene amalandira kangachepe ka sopo ndi mchere mwezi ndi mwezi, ine ndikuti Mukuru ndi ejenti wa pa Ulongwe n'zokwana. Koma amene analowa kale, kuwabisira nzeru sikuwatulutsako, kumangowasiya m'manja mwa akathyali.

Choyamba chofunika kuchimvetsa n'chakuti m'waleti mulibe ndalama. M'foni mwanumo muli kiyi basi. Ndalamazo zalembedwa m'kaundula wamkulu amene amasungidwa ndi makompyuta ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana, kaundula amene amati blockchain. Ndipo kaundulayu si mmodzi. Bitcoin ili ndi wake kuyambira 2009. Ethereum inabwera ndi wake mu 2015. Tron ili ndi wake, BNB Smart Chain ya anthu a Binance inayamba mu 2020, kulinso Polygon, Arbitrum, Base ndi ena. Waleti ikamati netiweki imatanthauza mmodzi mwa makaundula amenewa, osati TNM kapena Airtel. USDT imapezeka m'makaundula angapo. Ya pa Ethereum amailemba ERC-20, ya pa Tron TRC-20, ya pa BNB Smart Chain BEP-20. Dzina ndi limodzi, mtengo ndi umodzi, koma zolembedwa mwa wina sizioneka mwa mnzake.

Tiyerekeze chonchi. Muli ndi kiyi mmodzi amene amatsegula chipinda chosungiramo katundu pa msika wa Ulongwe ndi chinanso pa msika wa Liwonde, ndipo zipinda ziwirizi nambala yake ndi yofanana. Achimwene anu atumiza matumba a mpunga, galimoto n'kutsitsira ku Liwonde. Inu mwatsegula cha pa Ulongwe, mulibe kanthu, mtima wayamba kuthamanga. Mpungawo sunatayike. Uli ku Liwonde, ndipo kiyi wake ndi yemweyo ali m'thumba mwanuyo. Kuwonjezera netiweki ndi kungouza waleti kuti izikayang'ananso chipinda cha ku Liwonde. Sikusuntha ndalama, sikulira kulipira munthu, ndipo sikufuna kuti muulule chinsinsi chilichonse.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa manetiweki a banja la Ethereum, monga BNB Smart Chain, Polygon, Arbitrum ndi Base, amagwiritsa ntchito adiresi yofanana. Imayamba ndi 0x, zilembo ndi manambala pamodzi 42. Wotumiza akasankha netiweki yolakwika, makina sakana, poti adiresiyo ndi yoona konsekonse. Ya Tron ndi ina, imayamba ndi T, zilembo 34, ndipo mukaiika pamalo pa ya 0x apu yabwino imakukanizani. Ndalama zikalowera netiweki ina koma adiresi ili ya waleti yanuyanu, vuto ndi laling'ono. Tsoka ndi pamene adiresiyo ili ya akaunti ya pa kampani monga Binance, chifukwa kumeneko kiyi ali ndi kampaniyo. Mukatumiza pa netiweki imene iwo salandira, mumatsala ndi kuwachonderera. Nthawi zina amabweza atadulapo, nthawi zina amati n'zosatheka, inu manja ali m'khosi. Pa Mpamba kapena Airtel Money mukalakwitsa nambala mumaimbira kampani, ndipo mukafulumira ndalama amatha kuzigwira. Pa blockchain palibe woimbira. Choncho nkhani ya netiweki izitha ndalama zisananyamuke. Wa ku Joni ndi wa kuno amvane pakamwa kuti tikudzera pa Tron kapena pa BNB Smart Chain, wolandira atsegule netiweki imeneyo, ndipo adiresi aitenge pamenepo.

Tsopano tiyang'anitsitse foniyo. Taonani m'maganizo mwanu mnyamata wakhala pa benchi pafupi ndi ambulera ya ejenti, galasi la foni long'aluka pakona, dzuwa likuthwanima pa sikirini moti waphimba ndi dzanja. Walowa mu MetaMask, pa malo olembapo netiweki pamanja. Patuluka timabokosi tisanu. Koyamba n'ka dzina la netiweki, ndipo dzinalo n'longokukumbutsani inu nokha, silitsimikiza kanthu. Kachiwiri kalembedwa RPC URL. Kachitatu ndi Chain ID, nambala imene netiweki iliyonse ili ndi yakeyake: Ethereum ndi 1, BNB Smart Chain ndi 56, Polygon ndi 137, Base ndi 8453, Arbitrum One ndi 42161. Kachinayi n'ka chizindikiro cha ndalama ya netiwekiyo, monga ETH kapena BNB. Komaliza n'ka tsamba loonerapo kaundula. Mnyamatayo ka RPC kaja amangokadutsa, poti n'kodzaza zilembo zosamveka, wangokopera zimene wina wamutumizira pa WhatsApp. Komatu mpamene pagona nkhani yonse.

Foni yanu siingasunge kaundula yense, ndi wamkulu zedi. Ikafuna kudziwa kuti muli ndi zingati, imafunsa kompyuta ina imene ili ndi kaundulayo, ndipo RPC ndiyo adiresi ya kompyuta imeneyo. Pa chitsanzo chathu chija, ndi munthu amene mwamutuma ku Liwonde kuti akasuzumire m'chipinda adzakuuzeni kuti matumba alipo angati. Nambala imene mukuona pa sikirini ndi mawu a munthu ameneyo. Akakhala wokhulupirika, mwamva zoona. Akakhala kuti anachita kukupezerani amene akufuna kukuberaniyo, adzati matumba alipo 50 pamene m'chipindamo muli fumbi lokhalokha.

Zimenezi zachitikapo kale. Mu 2024 kampani yofufuza zachinyengo za kripito ya SlowMist, pamodzi ndi eni waleti ya imToken, inafotokoza njira imene akuba ankagwiritsa ntchito pochita malonda pamasom'pamaso. Wakubayo amayamba wakutumizira ndalama zenizeni zochepa kuti umukhulupirire. Kenaka amakuuza kuti usinthe RPC uike imene iye wakupatsa. Ukatero, waleti imaonetsa kuti USDT yambiri yalowa. Iwe umapereka zako, iye n'kunyamuka. Podzafuna kutumiza USDT ija m'pamene umazindikira kuti m'kaundula weniweni sinalembedwepo. Waleti inali yeniyeni, foni inali yako, kiyi sanakubere. Anangokusinthira wokuuza. Tangoganizani mmene njira imeneyi ingayendere mosavuta kuno kwathu, kumene wogula ndi wogulitsa amapezana m'magulu a WhatsApp, wina n'kutumiza Mpamba atangoona nambala pa sikirini, mwinanso chithunzi chabe.

Mankhwala ake ndi kufunsa mboni yachiwiri. Netiweki iliyonse ili ndi tsamba la pa intaneti pamene aliyense angaone kaundula: Etherscan ya Ethereum, BscScan ya BNB Smart Chain, Tronscan ya Tron, PolygonScan ya Polygon. Dzina la tsambalo mulembe nokha, osadina linki imene wakupatsani wogulitsayo, ndipo muikepo adiresi yanu. Ndalama zikakhala kuti zalowadi zimaoneka pamenepo, nthawi yake ndi kumene zachokera. Zikasowa pamenepo ndiye kuti kulibe, kaya waleti ikuonetsa chiyani.

Apa pali vuto lathu la kuno limene alangizi a kunja saliganizira. Ambiri timagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha poti ndiyo yotsika mtengo, ndipo bandulo imeneyo masamba amenewa siitsegula. Munthu walandira chithunzi chonena kuti ndalama zatumizidwa, akufuna kutsimikiza, tsamba likungozungulira, wogulitsa akumufulumizitsa kuti minibasi ya ku Mangochi ikunyamuka. Achimwene, gulani kaye bandulo ya intaneti yonse. Wogulitsa amene sangadikire mphindi zisanu zimenezo, musiyeni akwere minibasi yakeyo.

Nanga njira yabwino yowonjezera netiweki ndi iti? Nthawi zambiri simufunikanso kulemba kanthu. Trust Wallet imabwera ndi manetiweki ambiri kale, Tron ndi BNB Smart Chain ali momwemo, inu n'kungosankha. MetaMask nayo ili ndi mndandanda wa manetiweki odziwika amene mumangodinapo, RPC yake n'kubwera yokha. Netiweki imene mwauzidwayo ikakhala kuti m'mndandandamo mulibe, imani kaye mudzifunse chifukwa chimene munthu akufunira kukulipirani kudzera njira imene ambiri saidziwa. Chifukwa chomveka chikakhalapo, zolembazo muzitenge pa tsamba la eni netiwekiyo, muzifananitse ndi zimene zili pa chainlist.org, ndipo Chain ID igwirizane ndi dzina. MetaMask imanena yokha kuti manetiweki olemba pamanja siiwatsimikizira, ndipo dzina ndi nambala zikasemphana imatulutsa chenjezo. Chenjezolo limabwera m'Chingerezi, ndiye ambiri amangodina kuti lichoke. Chingerezicho chikakuvutani pezani wokuwerengerani, palibe chamanyazi, koma foni ikhale m'dzanja lanu.

Zoti foni ikhale m'dzanja lanuzi ndikhalitsepo, chifukwa apa chizolowezi chathu chabwino chothandizana chimatha kutipweteka. Pa msika uliwonse pali mnyamata wodziwa mafoni, amene amatiikira nyimbo, kutikonzera WhatsApp, kutichajira batire magetsi akathima. Timamusiyira foni n'kupita kukagula tomato. Ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika, ndipo popanda iwo ena mwa ife sitikanamalankhula ndi ana athu ku Joni. Koma waleti ya kripito ikamatsegulidwa koyamba imaonetsa mawu a Chingerezi 12, ina 24, otengedwa pa mndandanda wa mawu 2,048. Mawu amenewo ndiwo kiyi uja. Amene wawaona kamodzi n'kuwajambula akhoza kutsegula waleti yanu pa foni ina ali ku Lilongwe kapena ku Nampula, pa manetiweki onse nthawi imodzi, lero kapena chaka chamawa, PIN ya foni yanu osaifuna n'komwe. Mwina mnyamatayo alibe maganizo oipa, koma chithunzicho chatsala m'foni mwake, ndipo foni yake imadutsa m'manja ambiri. Waleti imene anakutsegulirani wina si yanu nokha. Tsegulani ina muli nokha, mawuwo muwalembe ndi bolopeni pa pepala motsatira ndondomeko yake, osawajambula, osawatumiza pa WhatsApp ngakhale kwa achimwene anu enieni. Pepalalo likhale pamene chiswe ndi madzi a dzinja sizifika. Ndipo inu muli ku Joni, munthu mmodzi amene mumamudalira adziwe kumene lili, chifukwa mwini akamwalira mawuwo osadziwika, palibe khoti kapena mfumu imene ingatsegulire ana ake waletiyo.

Ndibwereze, omvera: kuwonjezera netiweki sikufuna mawu amenewo. Tsamba lililonse, kapena munthu aliyense wodzitcha wa ku ofesi ya Trust Wallet kapena MetaMask pa Telegram ndi pa Facebook, amene akuti lembani mawu 12 tikulumikizireni waleti, ndi wakuba, palibe zokambirana. Ndi mtundu womwe uja wa anthu amene amatiimbira kuti mwawina, kapena kuti dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, kumapeto n'kupempha PIN. Apu nayo muitenge pa Play Store kapena pa tsamba la eni ake. Kupatsirana zinthu pa Bluetooth kapena Xender pofuna kusunga bandulo n'kwabwino pa nyimbo, osati pa waleti. Waleti yabodza imafanana ndi yeniyeni paliponse, ndipo mawu anu imawatumiza kwa amene anaipanga mukangomaliza kulemba.

Netiweki mwawonjezera bwinobwino, ndalama zaoneka, ndiye ena amagwira njakata pamenepa: USDT ilipo koma ikukana kutuluka. Sikuti mwaberedwa. Netiweki iliyonse imadula kandalama pa kutumiza kulikonse, kamene amati gas, ndipo imafuna ndalama yakeyake, ETH pa Ethereum, BNB pa BNB Smart Chain, TRX pa Tron, POL pa Polygon, imene inkatchedwa MATIC mpaka Seputembala 2024. Wotumiza wodziwa amaphatikizapo ya gas pang'ono. Pa netiweki imene simunaigwiritsepo ntchito, yambani ndi madola awiri kapena atatu. Aoneke pa waleti, aonekenso pa tsamba la kaundula, kenaka zambirizo zitsatire. Mulipira gas kawiri, inde, koma n'zochepa poyerekeza ndi malipiro a miyezi itatu a munthu amene amachezera pa geti usiku wonse m'chisanu cha ku Johannesburg.

Pa netiweki yatsopano mudzaonanso tindalama tachilendo tikungotulukira tokha. Munthu aliyense akhoza kupanga ndalama yake pa manetiweki amenewa n'kuitcha USDT, chizindikiro chobiriwira chija n'kumatapo. Yeniyeni imadziwika ndi adiresi ya kontirakiti yake, imene mungaifananitse pa tsamba la Tether ndi pa masamba a kaundula aja. Dziwaninso kuti ya pa BNB Smart Chain siichokera kwa Tether mwachindunji, amaitulutsa ndi a Binance polonjeza kuti ali ndi yeniyeni kumbuyo kwake. Tachilendoto tisiyeni, ndi nyambo yoti mukatsate linki. Kumeneko tsamba limapempha kuti mulumikize waleti, mwadina. Lapempha kusintha netiweki, mwadina. Kenaka latulutsa bokosi lachitatu lolembedwa Approve kapena Sign, ndipo chala chimene chadina kawiri chimadinanso kachitatu mwini wake asanawerenge. Kudina kumeneko kukhoza kupatsa eni tsambalo chilolezo chotapa USDT yanu yonse nthawi iliyonse imene afuna, osakufunsaninso. Zilolezo zoterezi mukhoza kuziona ndi kuzichotsa pa revoke.cash kapena pa masamba a kaundula, koma netiweki iliyonse ili ndi zake. Kuchotsa pa Ethereum sikuchotsa pa BNB Smart Chain.

Adiresi musamaikopere pa mndandanda wa zimene munatumiza kale. Akuba amapanga adiresi yofanana ndi ya m'bale wanu zilembo zoyamba ndi zomaliza, n'kukutumizirani kandalama kosanunkha kanthu kuti ilowe m'mndandandamo. Mu Meyi 2024 munthu wina anataya kripito ya madola pafupifupi 68 miliyoni mwa njira imeneyi. Zake zinabwezedwa, koma iyeyo anali ndi akatswiri omufufuzira, amene ife tilibe. Werengani ndi zilembo za pakati zomwe. Za kusamutsa ndalama kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina kudzera pa zimene amati bridge, ndingoti si za oyamba kumene. Mu Malichi 2022 bridge ya Ronin inaberedwa madola oposa 600 miliyoni, eni ake ali akatswiri. Ndalama zikafikira pa netiweki imene wogula wanu saifuna, kuli bwino kufunafuna wogula wina.

Mufunsenso kuti akukuuzani kuwonjezera netiwekiyo ndani, ndipo iye apindulapo chiyani. Kawirikawiri netiweki yachilendo imabwera ndi lonjezo lakuti ndalama zanu zizibereka mwezi ndi mwezi, ndipo mukabweretsa anzanu mulandira bonasi. Amene anali ku Joni nthawi imeneyo akukumbukira Mirror Trading International, imene inagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg atathawira ku Brazil, itasonkhanitsa bitcoin zoposa 29,000 kwa anthu a m'maiko ambiri. Anthuwo ankaona phindu lawo likukula pa sikirini tsiku ndi tsiku, ena n'kumaitana abale awo kuti alowe. Manambala amenewo inkalemba ndi kampani yomweyo.

Nditembenukire kwa inu amene mukumva izi zinthu zitachitika kale. Ngati mawu anu 12 anaonedwa ndi wina, tsegulani waleti yatsopano lero lomwe musamutse zotsala, netiweki iliyonse payokha, kuyambira pamene pali zambiri. Ngati munangoika RPC yokayikitsa, ichotseni mubwerere ku imene inabwera ndi apu, chifukwa RPC payokha siiba kiyi. Ngati ndalama zapita, lembani nambala yaitali ya katumizidweko, imene amati transaction hash, musunge mauthenga onse pamodzi ndi nambala ya Mpamba kapena Airtel Money imene munatumizako, mupite ku polisi pa Ulongwe, pa Liwonde kapena ku Balaka. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo manambala a foni amalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kotero poyambira palipo. Tether nayo imatha kutseka USDT pa adiresi ya wakuba apolisi akapempha, ngakhale njira yake ndi yaitali ndipo sindingakulonjezeni kuti zibwerera.

Ndipo mukakadandaula pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp, pasanapite nthawi mudzalandira uthenga wa munthu wachifundo wonena kuti ndi katswiri wobweza kripito yobedwa, akungofuna ndalama yoyambira ntchito kapena mawu anu 12. Ameneyo ndi wakuba wachiwiri, mwinanso ndi woyamba yemwe uja wangosintha dzina ndi chithunzi. Musamuyankhe.